Zimbale Zatsopano za Makanema a Ousmane Sembène ndi Funso la Chiyankhulo: Kuunika Kuchokera ku Lukusuzi

1.0 Mawu oyamba

Kuyambira m'chaka cha 2015, anthu okonda kanema ku Ulaya ndi ku America akhala akulandira ndi manja awiri ntchito yokonzanso makanema a Ousmane Sembène wa ku Senegal, yemwe ambiri amamutcha tate wa kanema wa mu Africa. Chimbale chimodzi chikangofika pamsika, iwo amayamba kale kufunsana za tsiku limene chinzake chidzatuluke. Chidwi choterechi nchoyenera, pakuti kwa zaka zambiri makanemawa ankaoneka pa makaseti ofuwa, mawu ake osamveka bwino, ndipo ena sankapezeka nkomwe.

M'nkhani ino tikufuna kuunika zimbalezi titaima pamalo ena, kutali ndi New York ndi London. Tasankha dera la Lukusuzi, kufupi ndi Lundazi m'dziko la Zambia, chifukwa anthu a kumeneko ndi mtundu weniweni wa oonera amene Sembène ankawaganizira pamene ankasiya cholembera nkugwira kamera. Mfundo yathu ndi yakuti zimbalezi zapulumutsa zithunzi ndi mawu a makanemawa, koma zasiya panja munthu amene makanemawo adakonzedwera, ndipo kuti ntchito yomulowetsa m'nyumba ili m'manja mwa ife aphunzitsi ndi ofufuza a ziyankhulo za mu Africa.

2.0 Sembène ndi zimbale zimene zatuluka

Sembène adabadwira ku Ziguinchor, m'chigawo cha Casamance, m'chaka cha 1923, ndipo adamwalira ku Dakar mu 2007. Sukulu adailekera panjira akali mnyamata. Adamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse m'gulu la asilikali a France, kenaka nkukagwira ntchito yonyamula katundu padoko la Marseille, komwe adayamba kulemba mabuku m'Chifalansa. Buku lake loyamba, Le Docker noir, lidatuluka mu 1956, ndipo lotchuka kwambiri lija, Les Bouts de bois de Dieu, lidatuluka mu 1960. Atabwerera kwawo adazindikira kuti anthu amene ankawalemba m'mabukumo sakadatha kuwawerenga. Nchifukwa chake adapita ku Moscow kukaphunzira luso la kanema ku Gorky Studio, ndipo pambuyo pake ankakonda kufanizira kanema ndi sukulu ya madzulo, imene ife kuno tikadaitcha sukulu ya kwacha.

Bungwe la The Film Foundation, limene adaliyambitsa Martin Scorsese, mogwirizana ndi Cineteca di Bologna ya ku Italy, lidakonzanso Borom Sarret wa 1963 mu 2013 ndi La Noire de... wa 1966 mu 2015. Chaka chomwecho British Film Institute idatulutsa makanema awiriwa pachimbale, ndipo kampani ya ku America ya Criterion Collection idatsatira mu 2017. Mandabi wa 1968 adatuluka pachimbale cha Criterion mu 2021. Mu 2024 kampani yomweyo idatulutsa pamodzi makanema atatu: Emitaï wa 1971, Xala wa 1975 ndi Ceddo wa 1977. M'chaka chomwecho Camp de Thiaroye wa 1988, amene Sembène adamukonza limodzi ndi Thierno Faty Sow, adaonetsedwa atakonzedwanso pa chikondwerero cha makanema cha ku Cannes, ndipo nkwachibadwa kuti otsatira ntchito za Sembène atembenuzire maso awo kwa kanema ameneyu ndi ena a kumapeto kwa moyo wake, monga Guelwaar wa 1992, Faat Kiné wa 2000 ndi Moolaadé wa 2004.

3.0 Zimene kukonzanso kwatibwezera

Tisanadzudzule, tiyenera kuyamba tathokoza. Kanema wokonzedwanso amatithandiza kuona zimene mwini wake adaziika dala m'chithunzi. Mu La Noire de..., amene ndi wa mtundu wakuda ndi woyera, makoma a nyumba ya ku Antibes amayera mbuu, ndipo nkhope ya Diouana, mtsikana wantchito wochokera ku Dakar, imaoneka yokhayokha pakati pa kuyerako, monga momwe chigoba chija adapatsa mabwana ake chili chokhachokha pakhoma. Pa kaseti yofuwa zonsezi zinkasanduka zotuwa, ndipo kufanana kwa nkhope ndi chigoba kunkatayika. Mu Mandabi, mkanjo waukulu wa Ibrahima Dieng, umene amauvala monyada pamene m'thumba mulibe kanthu, tsopano ukuoneka bwino lomwe, ndipo woonera akhoza kutsatira momwe ulemu wa munthuyo ukufotera pamodzi ndi chovala chake.

Phindu lalikulu kwa ife a ziyankhulo lili m'makutu. Mawu atayeretsedwa, woonera akutha kumva bwino pamene munthu wasiya Chiwolofu nkuyamba Chifalansa, ndiponso pamene wabwerera. Kwa Sembène kusintha kumeneku ndiye fupa la nkhani, monga tionere m'gawo lotsatirali.

4.0 Chiyankhulo monga mutu wa nkhani

Mu La Noire de..., Diouana sadziwa kuwerenga. Kalata imene akuti yachokera kwa mayi ake amamuwerengera ndi bwana wake, ndipo bwana yemweyo amayamba kulemba yankho m'dzina la mtsikanayo asanamufunse zimene zili kukhosi kwake. Diouana amang'amba kalatayo. Maganizo ake timawamva m'Chifalansa, chiyankhulo chimene iye sachiyankhula momasuka, ndipo mawu amene timamvawo ndi a mayi wina wazisudzo wa ku Haiti, Toto Bissainthe, pamene thupi ndi la Mbissine Thérèse Diop. Apa Sembène adali asanapeze ufulu wojambula m'chiyankhulo cha kwawo, koma chilema chomwechi chidasanduka umboni wa nkhani yake: ngakhale mumtima mwa mtsikanayo mukuyankhula mlendo.

Mandabi ndiye adatsegula njira. Adajambulidwa kawiri, m'Chifalansa ndi m'Chiwolofu, ndipo ambiri amamuwerengera monga kanema wamtali woyamba wa kumadzulo kwa Africa wojambulidwa m'chiyankhulo cha eni nthaka. Dieng, bambo wa mitala wosowa ntchito, amalandira kalata ya ndalama zokwana mafaranki 25,000 kuchokera kwa Abdou, mwana wa mlongo wake, amene amasesa misewu ku Paris. Kuti atape ndalamazo ku positi ofesi afunika chitupa. Kuti apeze chitupa afunika kalata ya kubadwa ndi zithunzi. Ndipo paliponse pamene wafika akupeza pepala la Chifalansa ndi munthu wofuna kudyapo. Mapeto ake amamubera ndi wachibale wophunzira amene adamukhulupirira. Chimene chikumugwetsa Dieng ndi kusowa chiyankhulo cha boma, pakuti m'Chiwolofu iye ndi munthu wodziwa kuyankhula ndi wolemekezeka.

Mu Xala nkhondo ya ziyankhulo yalowa m'banja. El Hadji Abdou Kader Bèye, mkulu wa zamalonda amene wamangidwa mphamvu za umuna usiku womwe wakwatira mkazi wachitatu, amayankhula Chifalansa kwa mwana wake Rama, ndipo Rama amamuyankha m'Chiwolofu. Pamene anzake a m'bungwe la amalonda amutembenukira, El Hadji amapempha kuti adziteteze m'Chiwolofu, koma amamukaniza ponena kuti chiyankhulo cha boma ndi Chifalansa. Mumsewu mukugulitsidwa Kaddu, nyuzipepala ya Chiwolofu imene Sembène adathandiza kuiyambitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970.

Ceddo adaletsedwa ku Senegal kwa zaka zingapo, ndipo chifukwa chimene boma la Léopold Sédar Senghor lidapereka chidali cha kalembedwe: lamulo linkati dzinalo lilembedwe ndi d mmodzi, pamene Sembène adaumirira pa awiri. Ambiri amaona kuti chimene chidawawa akuluakulu ndi momwe kanemayu akuonetsera kulowa kwa Chisilamu mokakamiza. Komabe ife tisaupepule mkangano wa lemba limodziwo. Malawi adasintha dzina la chiyankhulo kuchoka pa Chinyanja kukhala Chichewa mu 1968, nakhazikitsa Chichewa Board mu 1972. Zambia idavomereza malamulo ake a kalembedwe mu 1977. Zotsatira zake nzakuti liwu limodzimodzi limalembedwa ndi ch ku Kasungu koma ndi c yekha ku Lundazi, pamene anthu ake ndi a mbumba imodzi. Tikudziwa bwino kuti amene ali ndi mphamvu yolamula malembo alinso ndi mphamvu yolamula zina.

Tsono vuto la zimbale zatsopanozi lili apa. Mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi ali m'Chingerezi, ndipo mwachibadwa chake mawu otere amasandutsa ziyankhulo ziwiri kukhala chimodzi. Rama ndi bambo ake, pamene akukangana wina m'Chiwolofu wina m'Chifalansa, m'munsimo onse akuyankhula Chingerezi chimodzimodzi. Woonera amene maso ake ali pa malembo akhoza kumva zimene anena koma osazindikira chimene akulimbirana.

5.0 Woonera wa ku Lukusuzi

Nkhalango yotetezedwa ya Lukusuzi ili kum'mawa kwa chigwa cha Luangwa, ndipo m'mbali mwake muli midzi ya mafumu a Achewa monga Chikomeni ndi Mwasemphangwe. Chakuvuma, kutsidya kwa malire, kuli nkhalango ya Kasungu. Kuchigawo cha Lundazi kumamveka Chichewa ndi Chitumbuka, ndipo anthu ambiri amayankhula zonse ziwiri. Tiyerekeze mayi wa kumeneko, mlimi wa chimanga ndi mtedza, amene sukulu adalekera m'makalasi oyambirira. Kodi pakati pa iye ndi Mandabi pali mipanda ingati?

Woyamba ndi wa makina. Makampani a makanema adagawa dziko lapansi m'zigawo, ndipo zimbale za Blu-ray za Criterion zogulitsidwa ku America zidatsekeredwa chigawo A, pamene Africa ili m'chigawo B pamodzi ndi Ulaya. Zimbale zotuluka ku Britain zikhoza kuseweredwa kuno, koma makina ake ndi osowa, pakuti kumidzi kanema amayenda pa foni ndi pa timakhadi tosungira zinthu, ndipo amaonetsedwa m'tinyumba ta vidiyo ta pamsika todalira mphamvu ya dzuwa kapena jenereta. Wachiwiri ndi wa mtengo, umene umawerengedwa m'madola ndi m'mapaundi. Wachitatu, umene ndi waukulu kuposa yonse, ndi wa chiyankhulo. Ngakhale wina atamugulira mayiyu chimbale ndi makina omwe, iye adzakhala patsogolo pa chithunzi monga momwe Dieng adaimira pa zenera la positi ofesi: chinthu chake chili pomwepo, koma chatsekeredwa m'malembo a chiyankhulo cha eni. Kanema amene adakonzedwa kuti osadziwa kuwerenga amumve wasanduka kanema wofuna munthu wowerenga Chingerezi mothamanga.

Chomvetsa chisoni nchakuti nkhani za makanemawa nzapafupi ndi mayiyu kuposa momwe ziliri kwa wogula wa ku New York. Ndalama yochokera kwa wachibale amene ali kutali, ku Migodi, ku Harare kapena ku Joni, pamodzi ndi chigulu cha abale ndi anansi chimene chimasonkhana mbiri yake ikangomveka, nzinthu zimene mabanja a kuno akhala nazo kuyambira nthawi ya atsamunda. Kusowa chitupa nakonso nkodziwika m'dziko limene munthu akakwanitsa zaka 16 amafunika chiphaso cha unzika, chimene popanda icho zitseko zambiri sizitseguka. Emitaï, amene akusimba za mudzi wa Adiola umene anyamata ake adatengedwa kunkhondo ndipo amayi adabisa mpunga kuti boma la atsamunda lisaulande, angakumbutse anthu za asilikali a Northern Rhodesia Regiment amene adakafika mpaka ku Burma. Ndipo mu Ceddo, momwe mfumu ndi anthu ake amayankhulirana kudzera mwa mneneri wotchedwa Jaraaf, munthu aliyense amene adakhalapo pabwalo la milandu la Achewa, pamene nduna imalandira mawu nkuwapereka kwa mfumu, adzamva msanga kuti pamene mneneriyo wachotsedwa nkuikidwapo wina, ufumu wasintha manja.

Mbiri ikutipatsanso manyazi ena. Pakati pa 1935 ndi 1937, ntchito ya atsamunda ndi amishoni yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment idayendetsa makanema ake ku Tanganyika, Kenya, Uganda, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo mawu ofotokozera adajambulidwa pa zimbale za galamafoni m'ziyankhulo zingapo, kuphatikizapo Chinyanja, Chibemba ndi Chitumbuka. Central African Film Unit, imene idagwira ntchito kuyambira 1948 mpaka 1963, inkadalira omasulira oima pambali pa chinsalu. Makanema amenewo adali onyoza nzeru za Mwafirika, ofuna kumuphunzitsa kumvera. Komabe eni ake adazindikira chinthu chimodzi, chakuti munthu umamufikira m'chiyankhulo chake. Lero makanema amene amamulemekeza Mwafirika yemweyo ndiwo akumufikira m'Chingerezi chokha.

Sitikunena kuti palibe amene adayesapo. Samba Gadjigo ndi Jason Silverman, amene adakonza kanema wa mbiri ya moyo wa Sembène mu 2015, adayambitsa mu 2017 ntchito yoonetsa makanemawa kwaulere m'maiko ambiri a mu Africa. Chaka chomwecho The Film Foundation, UNESCO ndi bungwe la okonza makanema a mu Africa la FEPACI adagwirizana zopulumutsa makanema 50 a mu Africa. Izi nzabwino, koma kufikitsa kanema pamudzi ndi gawo loyamba chabe. Gawo lachiwiri ndi lakuti ayankhule.

6.0 Mavuto a kumasulira

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kulemba mawu a m'munsi m'Chichewa. Njirayi imasunga mawu enieni a ochita sewero, ndipo ingathandize m'makalasi a sekondale ndi m'makoleji a aphunzitsi. Koma ili ndi zovuta zake. Mawu a Chichewa ndi aatali chifukwa mneni mmodzi amanyamula mwininkhani, nthawi ndi pamtherankhani, choncho mzere umadzaza msanga ndipo womasulira ayenera kudziwa kudula popanda kupha tanthauzo. Palinso funso lija la ch ndi c. Ndipo mayi wathu uja, ngati kuwerenga kumamuvuta, adzakhalabe kunja.

Njira yachiwiri ndi kumasulira ndi pakamwa. Iyi si yachilendo: ku Malawi kuli anyamata amene amalowetsa mawu a Chichewa m'makanema a ku China, India ndi America, ndipo ntchito zawo ndizo zimadzaza tinyumba ta vidiyo. Ophunzira ambiri amawanyoza chifukwa amawonjezera nthabwala zawo, nthawi zina nkupotoza nkhani. Chidzudzulochi chili ndi maziko, pakuti womasulira woima pakati pa kanema ndi woonera ali ndi mphamvu yonga ya bwana uja adalemba kalata m'dzina la Diouana. Komabe anyamatawa atsimikiza kuti anthu amafuna kumva kanema m'chiyankhulo chawo, ndipo adziwa kuyendetsa mawu molingana ndi chithunzi, luso limene ambiri a ife a m'mayunivesite tilibe. Mutu umodzi susenza denga: iwo abweretse luso lawo, ife tibweretse kukhulupirika ku nkhani ya mwini.

Ubwino wa njirayi ngwakuti ikhoza kubwezeretsa chimene mawu a Chingerezi a m'munsi adafafaniza. Tikapereka Chichewa kwa onse oyankhula Chiwolofu, nkupereka Chingerezi kwa oyankhula Chifalansa, mkangano wa Rama ndi bambo ake udzamveka monga umamvekera ku Dakar. Woonera adzamva bambo akutafuna Chingerezi kwa mwana wake wobala yekha, mwanayo nkumayankha m'Chichewa, ndipo sipadzafunika womufotokozera, pakuti nyumba zotere ziliko ku Lusaka ndi ku Blantyre. Pamene Dieng akuuzidwa zinthu m'Chifalansa chimene sakuchimva, woonera wosadziwa Chingerezi naye sadzamva, ndipo kusamvako kudzamuika m'malo a Dieng monga Sembène ankafunira.

Chichewa chilinso ndi zida zimene Chingerezi chilibe. Chingerezi chili ndi mlowam'malo mmodzi wa munthu amene ukuyankhula naye, pamene ife tili ndi iwe ndi inu. Rama, ngakhale akutsutsa, ayenera kunena kuti inu bambo, ndipo kulimba mtima kwake kudzaoneka kwambiri chifukwa ulemu sadautaye. Kalaliki wachinyamata akamutcha Dieng, munthu wa imvi, kuti iwe, chipongwe chonse cha ofesi chidzakhala chamveka m'liwu limodzi. Chimodzimodzinso ubale: Dieng kwa Abdou ndi mtsibweni, mlongo wa mayi ake. Kwa Achewa, amene amatsata mtundu kuchikazi, mtsibweni ndiye nkhoswe ya mbumba, choncho kulephera kwa Dieng kusunga ndalama za mwana wa mlongo wake, ndi kubwera kwa mlongoyo kudzaitanitsa gawo lake, nzamanyazi akulu kuposa momwe liwu la Chingerezi lingasonyezere. Apa womasulira achenjere, pakuti chikhalidwe cha Awolofu a ku Dakar si cha Achewa ndendende, ndipo si bwino kusenzetsa kanemayo katundu amene mwini wake sadamuikemo. Ngakhale dzina loti Xala lifunika kuliganizira: mawu a mumsewu oti kugwa m'papaya angaseketse anthu, koma kumangidwa ndiko kukusunga ganizo lakuti pali wina amene wachita zimenezi ndipo ali ndi chifukwa.

Pali zinthu zina ziwiri zosayenera kuzilumpha. Choyamba, makanemawa ali ndi eni ake mwalamulo, ndipo ntchito ya yunivesite iyenera kuyamba ndi kupempha chilolezo. Chachiwiri, ngati timasulira m'Chichewa chokha nkumati tafikira anthu a ku Lundazi, tidzakhala tabwereza cholakwa chomwe tikudzudzulachi. Chitumbuka sichili m'gulu la ziyankhulo 7 zimene Zambia idazisankha kuti zigwiritsidwe ntchito m'sukulu ndi pawailesi ya boma, kotero ana a Atumbuka a kuchigawochi akhala akuphunzira Chinyanja. Ku Malawi chidachotsedwa pawailesi mu 1968 nkubwereranso mu 1994. Sembène mwini adajambula Emitaï m'Chidiola ngakhale Chiwolofu ndicho chofala ku Senegal.

7.0 Mawu omaliza

Zimbale zatsopano za makanema a Sembène nzofunika kuti laibulale ya dipatimenti iliyonse ya ziyankhulo za mu Africa ikhale nazo, ndipo amene adazikonza agwira ntchito yotamandika. Chimene taona nchakuti ntchitoyo yathera pa kupulumutsa chithunzi ndi liwu, pamene cholinga cha mwini wake chidali chakuti anthu wamba amve. Makanema monga I Am Not a Witch wa Rungano Nyoni, wa 2017, momwe mukumveka Chinyanja pakati pa ziyankhulo zina za ku Zambia, ndi The Boy Who Harnessed the Wind wa Chiwetel Ejiofor, wa 2019, amene mbali yake yaikulu ili m'Chichewa, asonyeza kuti chiyankhulo chathu chimakhala bwino pa chinsalu. Chatsala ndi kuchiyesa pa ntchito za ena.

Tikupempha kuti madipatimenti a ku Zomba ndi ku Lusaka, pamodzi ndi Centre for Language Studies imene idakhazikitsidwa mu 1996, ayambe ndi kanema mmodzi. Borom Sarret ndi wamfupi, wa mphindi pafupifupi 20, ndipo nkhani yake ya woyendetsa ngolo amene wabwerera kunyumba chimanjamanja ngolo yake italandidwa ingamveke pamsika uliwonse. Ophunzira a chaka chomaliza akhoza kumumasulira m'njira zonse ziwiri, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, kenaka nkukamuonetsa kwa Chikomeni kapena kwa Mwasemphangwe ndi kulemba zimene oonera anena. Mayankho a anthu amenewo ndiwo adzatiuze ngati kumasulira kwathu kwagwira, ndipo pamenepo tidzadziwa ngati tingalimbe mtima kugwira Mandabi.